Mankhwala Opopera Mbewu Aziyesedwa Mlimi Akuona

Chaka chilichonse mvula ikakhazikika, alimi a m'dera la Mfumu Yaikulu Mphuka ndi madera ena a boma la Thyolo amapatula ndalama zogulira mankhwala opopera mbewu zawo. Ena amachita kugulitsa nkhuku kapena kukongola kuti apeze kapaketi ka Dithane koti apulumutsire tomato ndi mbatatesi ku matenda a chiwawu. Funso limene silifunsidwa kawirikawiri ndi lakuti: kodi mankhwalawo amagwiradi ntchito, ndipo ntchitoyo ndi yochuluka bwanji? Mlimi akapopera mbewu zake n'kupulumuka, amatamanda mankhwala. Mbewu zikapserera, amati mvula idachuluka, kapena amadziimba yekha mlandu kuti adachedwa kupopera. Zinthu zikayenda bwino kapena zikalakwika, mankhwala amatuluka opanda mlandu, ndipo chaka chotsatira mlimi amakagulanso omwewo.

Mfundo yanga m'nkhani ino ndi yakuti mphamvu ya mankhwala opha matenda a masamba ndi chinthu chimene chingayesedwe ndi kulembedwa m'manambala. Njira zoyesera zidakhwima kalekale pa ulimi wa tirigu m'mayiko ena, ndipo n'zosavuta kwenikweni moti zikhoza kugwira ntchito m'dimba la kwa Mphuka. Ndikuonanso kuti kuyesa kokha sikukwanira ngati zotsatira zake zikhala m'Chingerezi m'mashelefu a maofesi. Pamenepa mpamene nkhani yooneka ngati ya akatswiri a zaulimi okha ikutikhudza ife amene timaphunzira ndi kuphunzitsa zinenero.

Tiyambe ndi matendawo. Matenda ambiri a masamba amayamba ndi tinthu tamoyo ta m'gulu la bowa ndi chuku, timene akatswiri amati fangasi. Timabereka tinjere tonga fumbi timene timauluka ndi mphepo kapena kudumpha ndi madontho a mvula. Kanjere kotere kakatera pa tsamba lonyowa kamamera, n'kulowa m'kati mwa tsambalo ndi kuyamba kudya. Pamene mlimi akuona madontho kapena kupserera, matendawo amakhala atalowa kale masiku angapo apitawo. Boma la Thyolo ndi lokwera, limalandira mvula yambiri, ndipo m'miyezi yozizira limakutidwa ndi chiperoni, kamvula kowaza kamene kadatenga dzina ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Chinyezi chomwe chimakometsa tiyi n'chomwenso chimasunga masamba a tomato ali onyowa usiku wonse mpaka m'mawa. Nyengo yomwe imalemeretsa esiteti imadwalitsa dimba la mlimi wapafupi.

Mbiri ya tiyi imene imatikumbutsa kuti matenda a masamba si nkhani yamasewera. Mu 1869 pachilumba cha Ceylon, chomwe lero ndi Sri Lanka, padabuka dzimbiri la masamba a khofi. M'zaka zosakwana makumi awiri minda ya khofi idatha, ndipo eni ake adabzala tiyi m'malo mwake. Kuno kwathu nako khofi ndiye adali mbewu yoyamba ya azungu a m'mapiri a Shire, koma itadutsa 1900 adalowa pansi chifukwa cha kutsika kwa mitengo, chilala, tizilombo ndi matenda. Eni minda adatembenukira ku fodya, thonje ndi tiyi. Mbewu yathunthu ikhoza kuchoka m'dziko m'badwo umodzi usanathe.

Wina angafunse chifukwa chake ndikutchula tirigu pamene kwa Mphuka anthu amalima chimanga, nandolo, chinangwa, nthochi ndi ndiwo zamasamba. Chifukwa choyamba n'chakuti tirigu timadya tonse, m'buledi, m'masikono ndi m'mandasi, koma timalima wochepa kwambiri m'madera ozizira monga Tsangano ku Ntcheu ndi mapiri a Neno. Wambiri timaitanitsa kunja. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022, mtengo wa buledi udatiphunzitsa kuopsa kodalira tirigu wa eni. Kuyambira pamenepo nkhani yolima tirigu wathu wothirira idakula. Chifukwa chachiwiri n'chakuti matenda a tirigu ali pakhomo. Mtundu woopsa wa dzimbiri wotchedwa Ug99 udaoneka ku Uganda mu 1998, n'kufalikira ku Kenya ndi Ethiopia, kuwoloka nyanja kufika ku Yemen mu 2006 ndi ku Iran mu 2007. Matenda ena oumitsa ngala za tirigu, omwe adayamba ku Brazil mu 1985 n'kufika ku Bangladesh mu 2016, adapezeka m'boma la Mpika ku Zambia mu 2018. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chifukwa chachitatu, chomwe ndi chachikulu pa nkhani ino, n'chakuti pa tirigu mpamene luso loyesa matenda ndi mankhwala lidakulira.

Tirigu amadzaza njere zake ndi chakudya chimene chimapangidwa m'masamba apamwamba, makamaka tsamba lomaliza limene limatuluka ngala isanaoneke. Tsambali likakhala lobiriwira kwa nthawi yaitali, njere zimakhuta. Likadyedwa ndi dzimbiri msanga, njere zimafwapa. N'chifukwa chake akatswiri a tirigu safunsa chabe ngati munda wadwala. Amafunsa kuti ndi gawo lalikulu bwanji la tsamba limene lawonongeka, pa tsamba liti, ndiponso pa msinkhu uti wa mbewu. Pa mafunso amenewa padamangidwa malamulo anayi a kayesedwe, amene ndikufuna tiwaone limodzilimodzi.

Lamulo loyamba ndi kusiya ndime yosapopera. Popanda ndime yotere palibe chimene tingadziwe, pakuti sitingasiyanitse ntchito ya mankhwala ndi ntchito ya dzuwa. Mankhwala oyamba otchuka opha fangasi adapezeka mwa njira yomweyi. Mu 1882 Millardet, mphunzitsi wa za zomera ku Bordeaux m'dziko la France, adaona kuti mizere ya mphesa ya m'mbali mwa msewu idali ndi masamba, pamene ya m'kati mwa munda idali itayoyoka ndi matenda. Mizere ya m'mbali mwa msewuyo idawazidwa madzi osakaniza kopa ndi laimu pofuna kuopseza anthu odutsa kuti asabe zipatso. Chidamutsegula maso ndi kusiyana kwa mizere iwiri yoyandikana, wowazidwa ndi wosawazidwa. Akadakhala kuti mwini munda adawaza paliponse, Millardet akadangodutsa osaona kanthu. Adayesa mankhwalawo mwadongosolo n'kufalitsa zotsatira zake mu 1885, ndipo mankhwala a kopa akugwiritsidwabe ntchito mpaka lero.

Lamulo lachiwiri ndi kuwerenga m'malo mongoyang'ana. Mawu oti munda wadwala kwambiri amatanthauza zosiyana kwa anthu awiri. Mu 1892 Nathan Cobb, amene ankagwira ntchito ku Australia, adajambula zithunzi za masamba a tirigu oonetsa dzimbiri lochepa, lochulukirapo, mpaka lochuluka kwambiri, ndipo chithunzi chilichonse adachipatsa nambala. Woyesa amatenga tsamba la m'munda, kuliyerekeza ndi zithunzizo, n'kulemba nambala ya chithunzi chimene likufanana nacho. Akatswiri a ku Canada adakonzanso muyeso umenewu mu 1948, ndipo ukugwirabe ntchito m'minda ya kafukufuku padziko lonse. Chipangizo chake ndi pepala la zithunzi, maso ndi pensulo basi.

Lamulo lachitatu ndi kubwereza ndi kuchita maere. Munda umodzi sukhala wofanana ponseponse. Kwa Mphuka minda yambiri ili pamtsetse, kumtunda nthaka idakokoloka, kumunsi kuli chonde ndi chinyezi, ndipo pena pali mthunzi wa mtengo kapena chulu. Mlimi akapopera kumunsi n'kusiya kumtunda, zokolola zidzasiyana ngakhale atapopera madzi okha. Ronald Fisher, amene adayamba ntchito pa malo a kafukufuku a Rothamsted ku England mu 1919, adaonetsa kuti njira yothana ndi vutoli ndi kugawa munda m'ndime zing'onozing'ono zambiri, kubwereza mankhwala alionse m'ndime zingapo, ndi kusankha ndimezo mwa maere kuti woyesa asakondere. Maere si chinthu chachilendo kumudzi. Tipepala tokulunga m'chipewa tikwanira.

Lamulo lachinayi ndi kuwerengetsa. Tiyerekeze kuti m'ndime zosapopera matenda adya magawo 40 pa magawo 100 alionse a tsamba, pamene m'ndime zopopera adya magawo 10. Mankhwala achotsa magawo 30 mwa magawo 40 amene akadawonongeka, kutanthauza kuti mphamvu yake ndi 75 peresenti. Kawerengedwe kotere kadafalitsidwa ndi Abbott ku America mu 1925 poyesa mankhwala a tizilombo, ndipo mwana wa Sitandade 8 akhoza kukachita pa bolodi. Mankhwala awiri akayesedwa m'munda umodzi, chaka chimodzi, n'kupezeka kuti ena ali pa 75 ndipo ena pa 30, mkangano wa pamsika woti abwino ndi ati umatha.

Komabe nambala ya mphamvu payokha ikhoza kusocheretsa. Tiyerekezenso chaka chouma, chimene ndime zosapopera zawonongeka magawo 4 okha ndipo zopopera gawo limodzi. Mphamvu ya mankhwala ikadali 75 peresenti, koma mlimi sadapindule kanthu, chifukwa matenda ochepa chotero sakadatsitsa zokolola. Choncho kuyesa kumatha ndi sikelo. Zokolola za ndime iliyonse ziyesedwe pazokha, ndipo kusiyana kwake kuyerekezedwe ndi mtengo wa mankhwala, wa kubwereka sipuleya ndi wa ntchito yotunga madzi. Ngati kupopera kwawonjezera madengu awiri a tomato koma kwadya ndalama za madengu atatu, mlimi waluza ngakhale munda ukuoneka wobiriwira. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mfundoyi idakula mphamvu ndalama ya kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, pakuti mankhwala opopera mbewu timagula kunja ndi ndalama zakunja.

Chifukwa china chofunira kuyesa n'chakuti mankhwala amatha mphamvu. Pakati pa tinjere mamiliyoni ta fangasi pamapezeka tochepa timene mankhwala satipha. Mlimi akamapopera mankhwala amodzimodzi chaka ndi chaka, tofooka timafa ndipo tolimbato timaswana mpaka kudzaza dera lonse. Ku Ulaya mankhwala a gulu la strobilurin adayamba kugulitsidwa mu 1996, ndipo alimi a tirigu adawalandira ndi manja awiri. Pofika 2002 ku Britain ndi Ireland kudapezeka fangasi wa madontho a masamba a tirigu amene sankamvanso mankhwalawo, ndipo m'zaka ziwiri kapena zitatu adafalikira ponseponse. Zofanana ndi zimenezi zidachitika pa chiwawu cha mbatatesi, matenda omwe adadzetsa njala yopha anthu pafupifupi miliyoni imodzi ku Ireland kuyambira 1845. Mankhwala otchedwa metalaxyl adalephera ku Ireland ndi ku Netherlands mu 1980, patangopita zaka zochepa chiyambire kugulitsidwa. N'chifukwa chake Ridomil amene alimi athu amagula amakhala wosakaniza ndi mankhwala ena. Botolo limakhala lomwelo, dzina lomwelo, mtengo n'kukwera, koma mphamvu itapita. Maso a wogula sangaone zimenezi m'sitolo. Zimaoneka m'ndime zoyesera zokha.

Alimi a tirigu ku Britain adaphunzirapo kanthu. Bungwe lawo la AHDB, lomwe limayenda ndi ndalama zimene alimi amasonkha pa zokolola, limayesa mankhwala chaka chilichonse m'madera osiyanasiyana. Mankhwala alionse amapoperedwa pa milingo ingapo, kuyambira gawo limodzi la magawo anayi a mlingo wolembedwa pa botolo, theka, mlingo wathunthu, mpaka mlingo wowirikiza kawiri, ndipo zotsatira zimafalitsidwa poyera kuti mlimi aliyense aone. Nkhani ya mlingo ndi yofunika kwambiri kwathu kuno, kumene mankhwala amayesedwa ndi supuni kapena chitsekerero cha botolo, ndipo ndalama zikachepa mlimi amachulukitsa madzi kuti akwanire munda wonse. Mlimi ayenera kudziwa chimene amataya akasungunula chotero.

Chitsanzo china chili pafupi kwambiri. Makampani a tiyi a ku Thyolo ndi Mulanje akhala akusonkha ndalama zoyendetsera bungwe la kafukufuku la Tea Research Foundation of Central Africa, lomwe lili ku Mimosa m'boma la Mulanje. Mitundu ya tiyi, feteleza, kadulidwe ndi mankhwala zimayesedwa m'ndime zobwerezabwereza zisanafike m'minda ikuluikulu. Esiteti siwaza chinthu pa mahekitala mazanamazana chifukwa chakuti wogulitsa wachitamanda. Imafuna manambala, chifukwa imadziwa kuti kulakwitsa n'kodula. Koma kulakwitsa n'kodula koposa kwa mayi amene ali ndi dimba limodzi tsidya lina la malire a esitetiyo. Kampani ikaluza imadandaula pa msonkhano wa eni masheya, pamene mayiyo akaluza mwana amasiya sukulu. Amene akufunika umboni kwambiri ndi yemwe ali nawo wochepa.

Sikuti dziko lathu lilibe malamulo kapena akatswiri. Lamulo la mankhwala a mbewu la chaka cha 2000 lidakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board, ndipo likulu lake lidaikidwa ku Bvumbwe, m'boma lomwe lino la Thyolo, pa malo a kafukufuku wa zipatso ndi ndiwo zamasamba. Lamuloli limafuna kuti mankhwala alembetsedwe asanayambe kugulitsidwa. Tilinso ndi malo a kafukufuku a Chitedze ndi Makoka, komanso sukulu ya ukachenjede ya zaulimi ya LUANAR ku Bunda. Kulembetsa mankhwala n'kofunika, koma kumayankha funso la tsiku lolembetsalo. Sikuuza mlimi ngati mankhwalawo akugwirabe ntchito patapita zaka khumi, ngati paketi yomwe yakhala padzuwa pamsika ili ndi mphamvu, kapena ngati ufa womwe wapimidwa m'kapepala kopanda dzina ndi womwe wogulitsa akunena. Ndiponso zimene akatswiri amapeza zimalembedwa m'malipoti a Chingerezi amene mlimi wa kwa Mphuka sadzawaona, ngakhale kuti Bvumbwe ali m'boma lake lomwe.

Pali vuto linanso limene limabwera kuyesa kusanayambe, lomwe ndi kudziwa matenda enieni. Anthu a ku Thyolo sangaiwale chisaka cha nthochi. Matendawa adayamba kuoneka ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1990, ndipo atafika kum'mwera adapulula minda ya nthochi imene inkadyetsa Blantyre ndi kuphunzitsa ana a ku Thyolo, mpaka m'zaka za m'ma 2010 misika ya m'mizinda idayamba kudalira nthochi za ku Tanzania ndi Mozambique. Chisaka chimayamba ndi vairasi yofalitsidwa ndi nsabwe za nthochi komanso ana a nthochi odwala. Palibe mankhwala a fangasi amene angachize nthochi yogwidwa ndi vairasi, ndipo malangizo adali kuzula zodwala ndi kubzala mbewu yopanda matenda. Tomato nayenso amafota ndi mabakiteriya a m'nthaka, amapiringizika masamba ndi vairasi, amachita chikasu ndi njala ya m'nthaka, ndipo zonsezi mankhwala a chiwawu sazikhudza. Safunsa adadya phula, koma wofunsa naye ayenera kukhala ndi mawu ofunsira.

Apa mpamene nkhaniyi ikulowa m'bwalo lathu la zinenero. Liwu loti chiwawu limanyamula matenda ambiri osiyana magwero, malinga ngati tsamba likuoneka lowauka. Liwu loti mankhwala nalo ndi lotakata zedi. Limatchula za kuchipatala, za kwa sing'anga, zophera makoswe, zophera mbozi, zophera udzu ndi zophera fangasi. Komanso m'maganizo a ambiri mankhwala ndi chinthu chimene munthu amamwa akadwala kuti achire. Mlimi woganiza chotero amadikira kuti aone matenda kenaka n'kupopera. Koma Dithane ndi mankhwala a kopa sachiza. Amakhala pamwamba pa tsamba ngati chishango kuti kanjere ka fangasi kalephere kumera, ndipo mvula yamphamvu imawatsuka. Kuwapopera pa tsamba lodwala kale kuli ngati kutseka khola fisi atalowa. Alipo ena amene amalowa m'kati mwa tsamba ndi kuletsa matenda ongoyamba kumene. Kusiyana kwa mankhwala oteteza ndi mankhwala olowa m'tsamba ndi kumene kumasiyanitsa kukolola ndi kulira, ndipo Chichewa chili ndi mawu okwanira kukufotokoza. Chimene chikusowa ndi anthu oti akhale pansi, agwirizane mawuwo, ndi kuwagwiritsa ntchito mofanana pa paketi, pa wailesi ndi pakamwa pa mlangizi.

Ntchito yotere si yachilendo. Unduna wa Zamalimidwe udafalitsa magazini ya Za Achikumbi m'Chichewa kwa zaka zambiri. Likulu la kafukufuku wa zinenero la Centre for Language Studies ku Zomba, lomwe lidalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, lidatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Pa nkhani ya Edzi, anthu a zaumoyo ndi a zinenero adapeza mawu monga kachilombo ndi chitetezo cha m'thupi, amene lero aliyense amawamva. Matenda a mbewu akuyembekezera khama lofanana. Wophunzira wa zinenero akhoza kupita kwa Mphuka kukalemba mayina amene alimi amatchulira matenda a masamba, m'Chichewa ndi m'Chilomwe momwe, n'kuwayika pambali pa zithunzi ndi mayina a akatswiri. Akhoza kufufuza ngati mawu oti 75 peresenti amamveka bwino kuposa kunena kuti masamba atatu mwa anayi apulumuka. Kafukufuku wotere ndi wa zinenero ndithu, ndipo phindu lake lingaoneke m'dengu.

Alipo amene angatsutse maganizo amenewa, ndipo mfundo zawo n'zoyenera kuzimva. Yoyamba ndi yakuti mlimi wosauka sangasiye mizere yosapopera kuti iwonongeke dala, makamaka poti mizere yodwalayo ikhoza kupatsira inzake. Izi n'zoona, ndipo ku Thyolo, kumene malo olima ndi ochepa chifukwa cha kuchuluka kwa anthu ndi kukula kwa maesiteti, mzere uliwonse ndi chakudya. Koma mutu umodzi susenza denga. Kuyesa kukhale kwa kalabu, pa munda wachitsanzo kapena wa sukulu, ndipo chotayika chigawidwe pakati pa onse. Njira yake idapangidwira m'dziko lomwe lino. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 katswiri wa za nthaka Sieglinde Snapp, akugwira ntchito ndi alimi a ku Malawi, adakonza kayesedwe kotchedwa mayi ndi mwana. Munda wa mayi umakhala pakati pa mudzi ndipo umayesa njira zonse mobwereza, pamene minda ya ana imakhala kwa alimi, aliyense akuyesa njira ziwiri kapena zitatu pa kandime kakang'ono. Njirayi idatengedwa ndi mayiko ambiri. N'zomvetsa chisoni kuti ife eni ake tizigulabe mankhwala mwa mphekesera.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti alimi ambiri sadapite patali ndi sukulu, choncho sangathe kuyesa. Amene amanena izi sadaimepo pa sikelo ya tiyi. Wothyola tiyi amadziwa makilogalamu ake a tsiku ndi tsiku ndipo amazindikira msanga akalembedwa molakwika. Mayi wogulitsa tomato pa Bvumbwe amawerengetsa phindu la dengu m'mutu mofulumira kuposa ambiri a ife. Mabanki a m'mudzi amasunga mabuku a ngongole chaka chathunthu. Kuyerekeza tsamba ndi chithunzi, kulemba nambala ndi kuyesa madengu si ntchito yoposa zimenezi. Masamu ozama ofuna kudziwa ngati kusiyana kwa ndime kudachitika mwangozi angathe kuchitidwa ndi mlangizi kapena ophunzira a ku Bunda.

Mfundo yachitatu ndi yakuti m'malo motaya nthawi ndi mankhwala, tilimbikire mbewu zopirira ku matenda, kasinthasintha wa mbewu ndi ukhondo wa m'munda. Ine ndikugwirizana nazo kwambiri. Matenda a madontho otuwa a masamba a chimanga atavuta m'dziko muno kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, chomwe chidathandiza alimi ang'onoang'ono ndi mitundu ya chimanga yopirira, pakuti kupopera munda wa chimanga sikukadawapindulira. Ug99 nayenso akulimbana naye makamaka poyesa mitundu ya tirigu ku Njoro m'dziko la Kenya. Koma tidadziwa bwanji kuti mtundu uwu ukupirira kuposa uwo? Tidadziwa ndi ndime zoyandikana, zithunzi za masamba ndi sikelo. Kuyesa sikukondera mankhwala. Nthawi zina kumaonetsa kuti kupopera n'kofunika, nthawi zina kumaonetsa kuti kuchotsa masamba odwala, kuimika tomato pa mitengo ndi kuthirira pansi osanyowetsa masamba kukadakwanira. Ngakhale mankhwala achikuda amene alimi ena amapanga kuchokera ku zitsamba ayenera kulowa m'ndime zomwezo, kuti abwino adziwike ndi kulemekezedwa.

Tisaiwalenso kuti kupopera kuli ndi mtengo wina wosalembedwa pa paketi. Alimi ambiri amapopera opanda magolovesi kapena chotchinga kukamwa, amatsuka sipuleya m'mitsinje momwe ena akutunga madzi akumwa, ndipo ena amathyola tomato masiku odikira asanakwane. Mayiko a European Union adaletsa chlorothalonil mu 2019, mankhwala amene alimi a tirigu kumeneko ankawadalira kwambiri, chifukwa cha nkhawa za madzi a pansi pa nthaka, zamoyo za m'madzi ndi thanzi la anthu. Ngati mlimi wathu akuika thupi lake ndi mtsinje wake pa chiswe, ayenera kudziwa kuti akuchita zimenezo posinthana ndi phindu lenileni. Kupopera kopanda phindu kumasiya poizoni yekha.

Zoyenera kuchita zikuoneka. Malo a kafukufuku, mogwirizana ndi bungwe loyang'anira mankhwala, aziyesa chaka ndi chaka mankhwala amene ali pamsika, ogulidwa m'masitolo momwe mlimi amagula, pa tomato, mbatatesi, nyemba ndi tirigu. Zotsatira zizitchula mayina a mankhwalawo ndipo zizifalitsidwa m'Chichewa ndi zinenero zina, pa wailesi, pa mapepala opachika m'misika ndi pa mauthenga a foni. Dera lililonse la mlangizi likhale ndi munda wa mayi, ndipo makalabu akhale ndi minda ya ana. Makampani a tiyi ndi makadamiya, amene ali ndi akatswiri ndi zipangizo, angathandize midzi yowazungulira pa kayesedwe kotere, poti antchito awo amachokera m'midzi yomweyo. Ndalama zoyesera zisachokere kwa wogulitsa mankhwala yekha, pakuti munthu saweruza mlandu wa mwana wake. Ndipo madipatimenti a zinenero atenge ntchito yokonza mawu a matenda a mbewu ngati gawo la maphunziro awo.

Pomaliza, dziko limene likufuna kulima tirigu wake, kudzutsa nthochi za ku Thyolo ndi kudyetsa mizinda ndi ndiwo za m'madimba silingapewe matenda a masamba. Walira mvula walira matope, ndipo wofuna ulimi wa chinyezi wafunanso fangasi. Mankhwala adzagulidwabe, ndipo ena mwa iwo ndi othandizadi. Chimene ndikupempha n'chakuti mlimi wa kwa Mphuka apatsidwe ufulu umene esiteti yoyandikana naye ili nawo kale, woona ndi maso ake ndime yopopera ndi yosapopera, kuwerenga masamba, kuyesa zokolola, ndi kumva zotsatira m'chinenero chake asanatulutse ndalama m'thumba.